Mtsikana amene sanabwerere ku Folomu 3

1

Dzina langa ndine Modesta. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito ya uphunzitsi inandiponya ku Karonga, pasekondale ina yoyendera cha ku Kaporo. Kumeneko ndi kumene ndinakwatiwa ndi a Yotamu, mlangizi wa zaulimi, mwana wa komweko. Anali munthu wofatsa, wosachedwa kuseka, wosadziwa kukweza mawu. Tili ndi mwana mmodzi, Violet. Nkhaniyi ndayenda nayo pamtima nthawi yaitali, lero ndati ndiitule.

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha kolona mu 2020, tonse tinkayesa ndi za masabata ochepa. Mlongo wanga Jones, chitsirizira m'banja mwathu, anabwera kuchokera kukoleji ku Lilongwe ndi kachikwama kamodzi. Jones ndinamulera ndine makolo athu atamwalira. Atasankhidwa kupita kuyunivesite ndinavina pabwalo la sukulu, ana akundiseka, ine osasamala.

Masabata aja anasanduka miyezi. Ana asukulu ndinkakumana nawo m'minda ya mpunga akuingitsa mbalame, ena akugulitsa nthochi mumsewu wa ku Songwe. Ndikaganiza za atsikana anga a Folomu 3, tulo sitinkabwera.

“Bambo a Violet,” ndinatero tsiku lina, “ana aja aiwala zonse. Ndikufuna ndiziitana angapo pakhomo pano, pansi pa mango apa. Ine Chingerezi, Jones masamu.”

“Boma laletsa kusonkhanitsa ana,” anayankha. “Ahedi akamva mudzati chiyani?”

“Ndi ana ochepa. Azikhala motalikirana.”

Sanatsutsenso.

Mwa atsikanawo munali Ireen, wa zaka 17, mwana wanzeru kuposa onse amene ndinawaphunzitsapo. Anali wamfupi, wa kampata m'mano, wofunsa mafunso mpaka mphunzitsi kutuluka thukuta. Ankati adzakhala dokotala. Kwawo kunali kutali, ndiye masiku ena a Yotamu akamapita kukayendera alimi cha kumeneko ankamukweza panjinga yawo yamoto. Ndine ndinkawapempha.

2

Mu Okutobala tinatsegulira. Pakhomo pa kalasi iliyonse panali ndowa ya madzi ndi kasopo, ana atavala masiki osokedwa ndi zidutswa za zitenje. Makalasi tinawagawa, ena m'mawa ena masana, aphunzitsi ake omwewo. Pofika madzulo mawu anali atatha. Ana amene anabwerera anali ngati sanalowepo m'kalasi, ena kulemba chiganizo chimodzi kunkawatengera theka la phunziro.

Koma chimene chinkandiwawa kwambiri chinali madesiki opanda anthu. Anyamata ena anali atapita kunyanja kukagwira usipa, ena akupalasa kabaza kuboda. Za atsikana tinkangomva kuti uyu wakwatiwa, uyu ali ndi pakati. Desiki la Ireen nalo linali lopanda munthu.

Ahedi anandipempha kuti ndiziyenda ndi gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo, tikawatenge ana m'makomo. Mtsogoleri wa gululo anali Mama Dora, mayi wamkulu wa mawu ngati belu, amene ankalowa pakhomo pa munthu aliyense osaopa galu kapena mwini khomo. Atsikana angapo tinawabwezadi. Mmodzi tinakamuchotsa kubanja, apongozi ake akutitukwana mpaka pamsewu.

Kwa Ireen tinapeza bambo ake, a Manase, akukonza goli la ng'ombe.

“Mugonile, madamu,” anatilonjera, maso ali pagoli.

“Tadzera Ireen, bambo. Sukulu tatsegulira.”

“Ireen ali kwa azakhali ake.”

“Kuti?”

“Kutali.”

Mayi ake anatuluka m'nyumba, atandiona anabwereramo. A Manase anatembenukira kwa Mama Dora n'kuyamba kuyankhula Chinkhonde mothamanga. Ine chinenerochi ndimangotolako moni ndi mawu a pamsika, choncho ndinangokhala ngati chitsa.

Tili m'njira Mama Dora anapumira m'mwamba. “Madamu, mwana yule ali na nthumbo. Ali ndi pakati. Kweni mwiniwake sakumutchula. Akuti nkhani ili m'manja mwa munthu waulemu wake, ise tisalowelepo.”

Madzulo ndinawauza a Yotamu tikudya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Dzanja lawo linaima m'mbale.

“Zisiyeni zimenezo, mayi a Violet.”

“Ndizisiye? Mwana ngati Ireen?”

“Za pabanja la eni zimavuta. Mwabweza ena, thokozani Mulungu.”

Anasamba m'manja chakudya chisanathe. Sanachitepo zimenezo chikwatiranireni.

3

Jones anali atabwerera kukoleji sukulu zisanatsegulidwe. Pa Khirisimasi sanabwere, anati ali ndi zowerenga zambiri. Mu Januwale matenda anakulanso, sukulu zinatsekedwanso, kenako aphunzitsi tinanyanyala ntchito. Ndinapezeka ndili pakhomo tsiku lonse, ndipo munthu wokhala pakhomo amaona zambiri.

Loweruka lililonse a Yotamu ankaliza njinga yamoto m'mawa, ati msonkhano wa alimi. Thumba la mpunga linkatsika msanga kuposa mmene timadyera. Sopo ankasowa. Foni ikalira ankapita kuseri kwa khitchini n'kumayankhula Chinkhonde chapansipansi. Tsiku lina ndikuanika zovala ndinamva mawu amodzi osafuna womasulira: Ireen.

Ndinadziuza kuti ma Ireen ndi ambiri.

Kenako ndinakumana ndi Yvonne mumsika wa pa boma. Yvonne ndi namwino wa ku Mulanje, tinadziwana kutchalitchi, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito pachipatala china chaching'ono cha ku Mwenilondo. Anandikokera kuseri kwa ogulitsa zitenje.

“Asisi, ndakhala ndikulimbana nazo mumtima. Sindiyenera kunena za odwala, koma inu ndinu m'bale wanga.”

“Nenani.”

“Mukudziwa kuti kusikelo timapempha amayi azibwera ndi abambo. Amuna anu anabwera ndi kamtsikana. Anakhala pabenchi pamodzi ndi azibambo ena, mpaka kumaliza.”

“Kamtsikana kotani?”

“Kakafupi. Ka mpata m'mano.”

Sindikumbuka mmene ndinakwerera minibasi. Ndimangokumbuka kuti tomato amene ndinagula ndinamusiya pampando.

Violet atapita kukasewera ndinatseka chitseko.

“Bambo a Violet, Ireen ali kuti?”

“Wakuuzani ndani?”

“Ndiye ndi zoona. Munakakhala pabenchi ya kusikelo ngati mwini mimba.”

“Ndinakhalapo, inde.”

“Mimbayo ndi yanu?”

“Mukundifunsa funso limenelo inuyo?”

“Yankhani!”

“Si yanga.”

“Nanga ndi ya ndani?”

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. “Ndinalonjeza munthu. Ndipatseni nthawi, mwanayo achire kaye, ndidzakuuzani zonse. Ndikukupemphani, mayi a Violet, khulupirirani ine.”

Ndinaseka, koma sikunali kuseka. Mwamuna uti amene anavomerapo? Ndinakumbukira masiku onse aja ndikuwapempha ndekha kuti amukweze mwanayo panjinga. Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira kuchipinda kwa Violet.

4

Linali Loweruka la mu Malichi, mvula itangokata. A Yotamu atangonyamuka ndinathamangira kwa Mama Dora.

“Tiyeni ku Mwenilondo. Ndamupeza Ireen, ndamupezanso munthu waulemu wake uja.”

Sindinawauze kuti ndi ndani. Titatsika minibasi tinafunsa kwa azakhali a mtsikana wapakati wochokera ku Kaporo, ndipo amayi ena ogulitsa usipa anatilozera. Njinga yamoto ndinaionera patali, itaimikidwa pansi pa mtengo.

Ireen anali pamkeka pakhonde, mimba itafika pakhosi, miyendo yotupa. Pambali pake panali buku la Chingerezi limene ndinamubwereka ine. A Yotamu anali atagwada akumasula katundu: beseni latsopano, zitenje, kabulangete ka mwana. Azakhali aja anali kuwomba m'manja. “Ndaga, ndaga fijo,” akuthokoza.

Beseni lija ndi limene linandipenga. Pamene ndinkayembekezera Violet anandigulira lofanana nalo.

“Anthuni, bwerani mudzaone!” ndinakuwa. “Bwerani mudzaone mlangizi wa boma!”

“Mayi a Violet, chonde...” anatero akuimirira.

“Musanditchule! Uyu ndi mwamuna wanga, anthu inu! Uyu ndi mwana wanga wasukulu! Wamupatsa mimba, wadzamubisa kuno, ine ndikuvutika kumufunafuna m'midzi!”

Mama Dora anandigwira mkono. “Madamu, khalani pasi, tiyowoye, tikambirane bwino.” Ndinawakankha.

Anthu anathamangira pakhomopo, asodzi ochokera kunyanja, anyamata a kabaza, amayi ndi ana kumsana. Masiku amenewo mitima ya anthu inali yotupa kale. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mtsikana amene sukulu yake inathera m'mimba, ndipo amuna ochita zimenezo ankangoyenda mwaufulu. Tsopano apa panali mmodzi, womuneneza ndi mkazi wake yemwe. Panafunikanso umboni wanji?

Wina anawagwira kolala. Wina anawamenya khofi. A Yotamu sanabwezere, anangophimba nkhope akunena mawu a Chinkhonde amene palibe anawamvera. Anagwa pansi. Ndinaona mnyamata wina akutola chidutswa cha njerwa, ndipo sindinanene kanthu.

Njerwayo inawapeza padiso lakumanzere.

Apo ndi pamene Ireen anadzikoka pamkeka paja. Analowa pakati pa anthu ndi mimba yake, nadzigwetsa pamwamba pa a Yotamu.

“Asiyeni! Asiyeni, si iwo!” Anatembenukira kwa ine, nkhope yonse misozi. “Madamu, si iwo! Ndi a Jones! Mimba iyi ndi ya a Jones, alongo anu!”

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Mnyamata wa njerwa uja sindinamuonenso. Ine ndinakhala pansi m'matope momwemo.

5

Kuchipatala cha pa boma anawalowetsa m'chipinda cha opaleshoni. Ndili panja pabenchi anafika a Manase, bambo a Ireen. Anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja, ndipo ulendo uno anandiyankhula Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ndimve liwu lililonse.

“Madamu, mimba itaoneka ine ndinakwiya chomene. Ndinati ndipite kupolisi. Abale anga anati iyayi, soni, ndi zamanyazi, timupereke mwana kwa munthu wina wa bizinesi ku Kasumulu, wa akazi awiri kale. Ng'ombe anali atatchula. Ndiye anabwera amuna anu. Anagwada pakhomo panga, munthu wa boma, pa dothi.”

Anandifotokozera zonse. Masiku amene ine ndinkapita kumsika kapena kumaliro n'kusiya ana m'manja mwa Jones, iye ankawauza ena kuti aziweruka, Ireen atsale achite masamu ovuta. Anamulonjeza kuti akamaliza koleji adzamukwatira n'kumuphunzitsa mpaka udokotala. Mimba itadziwika, Jones anaulula kwa alamu ake kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere ku Lilongwe. Analira, nati ine ndikangomva adzimangirira. A Yotamu anaopa. Anaopanso kuti zikamveka kuti zinachitikira pakhomo pa mphunzitsi, nthawi imene boma linaletsa kusonkhanitsa ana, ntchito yanga ithera pomwepo. Choncho anapempha a Manase kuti asamukwatitse mwanayo. Analonjeza kuti amusamala okha mpaka achire, adzabwerere kusukulu, ndipo Jones akalemba mayeso adzabwera kudzavomera pamaso pa akuluakulu.

“Amuna anu ndi munthu, madamu,” anamaliza a Manase. “Mwana wanga sanapite ku Kasumulu chifukwa cha iwo.”

Dokotala atatuluka anatiuza kuti moyo uli bwino, koma diso lalephereka.

Ndinapita kuseri kwa wodi n'kuimbira Jones.

“Asisi, bwanji? Ndili mulaibulale.”

“Ireen.”

Kenako anati, “Alamu analonjeza kuti sanena.”

“Sananene. Ataya diso osanena.”

“Diso? Asisi, ine mayeso ayandikira, musandisokoneze mutu. Komanso ndani akudziwa kuti ndi yanga? Atsikana a kumudzi amenewa amayenda ndi...”

“Jones,” ndinamudula, “mwana uja ndinamuitana ndine pakhomo panga. Ndinamupereka m'manja mwako kuti umuphunzitse masamu.”

“Ndiye mukufuna nditani? Ndisiye sukulu? Zonse munavutikira zija zipite m'madzi?”

Mawu anali a Jones, koma munthu woyankhulayo sindinamudziwe. Ndinadula foni.

Sabata yotsatira ndinapita kupolisi pamodzi ndi a Manase ndi Mama Dora. Ndinanena zonse, za maphunziro a pansi pa mango, za Jones, ndi za mawu anga amene anaitana anthu ku Mwenilondo. Wapolisi wamkazi amene ankalemba anaima n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikuneneza mlongo wanga weniweni. Ndinati ndikudziwa. Kuntchito anandiitana, anandidzudzula kolimba, koma sanandichotse, mwina chifukwa aphunzitsi anali osowa kale.

Jones anamva apolisi asanamupeze. Anachoka kukoleji osalemba mayeso, nambala yake inasiya kugwira. Patapita miyezi mnzake wina anandiuza kuti anamuona akukwera basi ya ku Joni. Mpaka lero sanaimbepo.

6

A Yotamu atatuluka m'chipatala sanabwerere kunyumba. Anakakhala kwa achimwene awo, kenako anapempha kuti awasamutsire ku Uliwa. Akuluakulu a mbali zonse anakhalapo pansi, abusa anayesa, koma iwo ankangoti, “Ndamva.”

Ndinapita ndekha ku Uliwa. Ndinawapeza pakhonde la kanyumba ka lendi kuseri kwa magolosale, atavala magalasi akuda. Ndinagwada.

“Bambo a Violet, ndinalakwa. Ndikhululukireni.”

“Dzukani, anthu akuona.” Anandipatsa mpando. “Inenso ndinalakwa. Ndikanakuuzani tsiku lomwe Jones anandiuza. Ndinkayesa ndikukutetezani, koma ndinakusandutsani mwana woti sangapirire zoona. Ndipo Jones ndinamuphunzitsa kuti munthu akhoza kuwononga n'kuchoka, ena n'kumakolopa. Zimenezo ndi zanga.”

“Ndiye tiyeni kunyumba.”

Anapukusa mutu. “Kukuwa kuja ndinakukhululukirani kalekale. Mkazi aliyense akanakuwa. Koma pamene ndinali pansi ndinakuyang'anani, mayi a Violet. Ndinkati muwauza kuti basi, zakwana. Munamuona mnyamata uja akutola njerwa. Chinthu chomaliza chimene diso ili linaona ndi inuyo mutaima, manja m'chiuno.”

Zinali zoona.

Ukwati sanauthetse. Violet amapita kwa bambo ake pa holide, amabwera ndi mpunga ndi nsapato zatsopano. Ine ndikawaimbira, a Yotamu amayankha mwaulemu, amafunsa za kuntchito, n'kutsanzika.

Ireen anachira mwana wamkazi, anamutcha Emma. Chaka chotsatira Mama Dora anamubweretsa kusukulu atamugwira dzanja, ndipo anabwereza Folomu 3. Anyamata ankamuitana kuti “mayi a Emma” akamadutsa, mabere ankamutuluka mkaka pa yunifolomu m'kalasi, ena n'kumaseka. Sanajombe. Ankakhala kutsogolo, m'kalasi langa lomwe, koma mafunso aja anasiya. Tsiku lina ana atatuluka ndinamuimitsa kuti ndipepese. Anandimvetsera mpaka kumaliza.

“Madamu,” anatero, “ine ndinkabwera kwanu chifukwa ndinkaopa kuiwala sukulu. Anzanga amene sanabwere, ena ali bwino kuposa ine.”

Mayeso a Folomu 4 anakhoza, koma mapointi sanafike pa udokotala. Pano akuphunzira za magetsi pakoleji ina ya ntchito zamanja, ndipo ali mtsikana yekha m'kalasi mwawo. Emma amakhala ndi agogo ake ku Kaporo, Loweruka amabwera kwathu kudzasewera ndi Violet.

7

Owerenga anzanga, pamisonkhano timamva kuti sukulu zinabwerera mwakale. Ndowa zija zinasweka, masiki tinataya, kalendala ya sukulu inakhazikika, ana akukhozanso. Sindikutsutsa. Koma ife amene timaima kutsogolo kwa kalasi tikudziwa kuti pali ana amene mliri uja sunawagwire chifuwa koma unawatenga ndithu, ndipo palibe anawawerenga pawailesi madzulo pamodzi ndi odwala ndi omwalira.

Kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo ndikuti, mwana wamkazi musamusiye yekha ndi munthu chifukwa choti munthuyo ndi wophunzira, kapena ndi magazi anu. Ine ndinkayenda m'midzi ndi Mama Dora kusaka afisi, osadziwa kuti mmodzi ndinamuyalira mphasa m'nyumba mwanga. Kwa inu abambo a mitima yabwino, chinsinsi chobisira wolakwa sichiteteza banja, chimangosankha wina woti adzalipire. Ndipo kwa amayi anzanga, mtima ukapsa musaitane khamu. Khamu limabwera msanga, koma silimva mukati basi, ngati mwakumbuka n'komwe kunena.

Emma tsopano wayamba sukulu ya mkaka, ndipo amayankhula Chinkhonde ndi Chichewa mosakaniza. Loweruka lapitali ndikumumanga tsitsi pakhonde anatembenuka n'kundiyang'ana.

“Azakhali, anzanga amabwera kudzawatenga adadi awo. Anga ali kuti?”

Ndakhala ndikuyankha mafunso a ana moyo wanga wonse. Ndinamutembenuza mutu, ndinati akhale bwino ndingamupweteke ndi chipeso, n'kupitiriza kumanga.